Kupepesa kwa Pearl Kamanga

"Werenganso," anatero Bambo Gilson Kamanga, akukankha pepala patebulo ndi chala chimodzi. "Werenga mokweza, amako amve zimene mwana wawo wapachika pabolodi la sukulu."

"Ndamva kale," anayankha Mayi Beatrice, akazi awo, maso ali pa diresi imene ankasoka. "Fulati yonse yamva. Kabwata yense wamva. Mazenera ndi otsegula."

Pearl, mwana wawo wotsiriza, wa Giredi 12, sanatole pepalalo. Mawu ake anali atawaloweza. Anaima pakati pa balaza, manja kumbuyo, monga amaimira munthu amene akudziwa kuti tsiku lina adzamujambula.

"'Laibulale ya sukulu yathu yakhala yokhoma zaka zitatu. Mabuku ake akugulitsidwa pamsewu pafupi ndi City Market. Anawatulutsa ndani? Ife ophunzira tikufuna yankho.' Basi, ba Dadi. Ndi mizere inayi chabe."

"'Ife ophunzira.' Mulipo angati?"

"Pakali pano ndili ndekha."

"Wekha."

"Enawo akuopa. Abwera."

Bambo Kamanga anali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ba Depyuti, pasukulu yomweyo, kumbali ya Chelstone, ndipo makiyi a laibulale ankakhala m'thumba mwawo. Ndiwo anaikhoma. Chifukwa chake chinali chomveka: anthu akufuna kwabwino anali atapereka mabuku okongola, ndipo ana ankawadetsa ndi zala za mafuta a vitumbuwa. Pachitseko cha ofesi yawo panali kathabwa kolembedwa kuti Mkulu wa Gulu la Owerenga. Gululo silinakumanepo kuyambira tsiku limene loko anaikidwa, koma kathabwako ankakapukuta Lolemba lililonse.

"Ba Mwenya andiitana ku ofesi lero," anapitiriza. Bambo Saul Mwenya ndiwo anali mphunzitsi wamkulu, ba Hedi. "Ine, pamaso pa mlembi, ngati mwana wogwidwa akudumpha mpanda. Akuti upepese pa asembule, ana onse akumva. Akupatsa masabata awiri. Ukakana, akuchotsa sukulu, ndipo mayeso a boma udzalembera pa makina a amakowa."

Makina osokera anaima.

"Angachite zimenezo?" anafunsa Mayi Beatrice. "Mayeso atsala masabata atatu."

"Ba Mwenya angachite chilichonse chimene chili ndi fomu yake. Yochotsera mwana ilipo."

"Sindinaname," anatero Pearl. "Sindipepesa."

Analowa kuchipinda kwake n'kubwera ndi katoni. Munali mabuku khumi ndi anayi. Anawagula limodzi limodzi m'tauni, poti laibulale inali yokhoma, ndipo chaka chimene anayamba kuwawerenga ndi chomwe makolo ake anayamba kumudandaula. Anawerenga za anthu ogwira ntchito m'migodi amene anakana kulowa pansi, za akazi amene anatsekeredwa chifukwa cholankhula, za ophunzira amene anaima patsogolo pa mfuti. Kuchokera pamenepo ankayenda mowongoka kwambiri popita kukataya zinyalala. Ankatsutsana ndi wailesi. Anali ndi kope lachikuto cholimba mmene ankalembamo buku lake, ndipo mutu woyamba anali atauyamba kasanu ndi kawiri.

Bambo Kamanga anatola buku limodzi, analitsegula pachiyambi, n'kumwetulira.

"Chidindo cha sukulu chili kuti? Buku la laibulale limakhala ndi chidindo patsamba loyamba. Apa palibe."

"Tsamba loyambalo anang'amba. Tsegulani tsamba 51."

Anatsegula. M'munsi mwa tsambalo, pambali pa nambala, panali chidindo chofiirira, dzina la sukulu likuwerengeka bwinobwino.

"Tengani lina," anatero Pearl. "Lililonse. Mayi amene ankasunga laibulale kale ankadinda kawiri, poyamba ndi pa 51. Amene anang'ambayo sanadziwe. Kuti udziwe, uyenera kuwerenga mpaka pamenepo."

Bambo Kamanga anatsegula lachiwiri ndi lachitatu. Makiyi anali atawasunga zaka zitatu, ndipo za tsamba 51 ankazimva koyamba. Anatseka bukulo mosamala.

"Zidindo amasema paliponse m'tauni muno," anatero.

"Munthu asemetse chidindo kuti adinde buku lakale limene akugulitsa pamsewu?"

"Usandifunse mafunso ngati ndili m'khoti. Ndine bambo wako, ndiponso ndine ba Depyuti."

"N'chifukwa chake ndikufunsa inu. Munthu akaona choipa n'kungokhala chete, wagwirizana nacho."

"Zimenezo wazitenga m'buku liti?"

"M'mabuku onse."

Mayi Beatrice analuma ulusi n'kuulavula.

"Pearl, tandiuza. Anthu a m'mabuku akowo, okana kupepesawo, powatsekera amakhala atalemba kale mayeso?"

"Ena anafa, ba Mami."

"Ndiye satifiketi sinawavute. Iwe uli moyo. Ine ndasoka madiresi a akwatibwi a Kabulonga zaka khumi ndi ziwiri, msana uwu wapindika, kuti ulowe m'holo muja ndi cholembera. Ukafuna kufera chilungamo, ufe mu Disembala, utalemba."

"Mukufuna ndiname pamaso pa sukulu yonse."

"Ndikufuna ulembe mayeso. Zina zonse ndi nkhani za inu ophunzira, iwe ndi atate ako."

Sabata imeneyo m'nyumbamo munalankhulidwa mawu ochepa. Bambo ndi mwana ankakwera minibasi imodzi m'mawa, wina kutsogolo pafupi ndi dalaivala, monga woyenera, wina kumbuyo. Kusukulu, ophunzira ena aja sanabwere. Anzake a Pearl ankamuuza m'chimbudzi kuti ndi wolimba mtima, kunja n'kumamupatsa moni ndi maso okha. Iye ankaona kuti zikuyenda ndendende monga zimayendera m'mabuku, ndipo zimenezi zinkamutonthoza.

Loweruka m'mawa Mayi Beatrice anaika nsapato za amuna awo pakhomo, zopukuta kale.

"Ba Kamanga, pitani mukaone."

"Ndikaone chiyani?"

"Mabuku anu. Ngati mwanayu akunama, mukabwere mudzatiuze, timukakamize tonse awiri. Ngati sakunama, mudziwe chimene mukumukakamizira kupepesa."

"Munthu wa udindo wanga sangakazungulire pamsika ngati wofuna tomato."

"Valani chipewa."

Sanavale chipewa. Anavala suti yaimvi ndi tayi, mu Okutobala, dzuwa likuswa mutu. Anatsika m'tauni, anadutsa pakati pa ogulitsa zovala zakaunjika ndi oitanira mabasi, mpaka anapeza tebulo la mabuku monga Pearl analifotokozera. Mwini wake, bambo wamfupi wotchedwa Musonda, anali kukupiza fumbi ndi kansalu.

"Shani, ba bosi. Mufuna ya bana olo yanu? Ya mayeso yalipo, ya nkhani yalipo."

"Mabuku awa amachokera kuti?"

Musonda anayang'ana suti, anayang'ana nsapato, monga munthu wozolowera kuthamangitsidwa ndi a khonsolo ya mzinda.

"Ndimwe ba kanso?"

"Ndine kholo."

"Ah, ba kholo. Musayope, apa palibe vakuba. Ine nili na pepala." Anatulutsa fotokope m'kathumba ka pulasitiki n'kuiwongola pachifuwa. "Ni mabuku yosila, yamene sukulu inataya. Yamabwela na motoka ya ba Hedi pa Chisanu. Onani apa, ba Depyuti bao banasaina. Mwaiona siginecha? Iyi si ya munthu wamba iyi. Ni munthu wophunzila maningi."

Bambo Kamanga anaiona. G wake anali wamkulu ngati dzira, mchira ukudutsa pansi pa dzina lonse n'kubwerera kawiri. Siginecha imeneyo anaikonza ali ku koleji, patchuthi chathunthu, ndipo palibe munthu m'Lusaka akanatha kuikopera. Pamwamba pake kalatayo inkanena kuti mabuku onse owonongeka a m'laibulale achotsedwe, ndipo woyang'anira laibulale wawaona n'kuvomereza. Anakumbukira mulu wa mapepala umene mlembi ankabwera nawo Lachisanu lililonse. Ankasaina ataimirira, monga achitira munthu wotanganidwa. Anakumbukiranso kuti Bambo Mwenya ankabwereka makiyi nthawi ndi nthawi, akuti alendo aone.

"Muli bwino, ba bosi? Nkhalani pa katoni apa."

Anakhala pakatoni.

"Ngati pepala lilipo," anafunsa patapita nthawi, "tsamba loyambali mumang'ambiranji?"

"Si ine. Yamabwela yong'amba kudala. Ine nigulisa chabe, siniwelenga. Wamene awelenga ni kamsikana kena, kamabwela na yunifomu. Kamawelenga koimilila mpaka nikapitikishe. Ati kazalemba buku yake, ine nizagulisa apa. Nakauza ati, iwe, lemba ya mayeso, ndiye yamene yayenda. Kanikalipila."

"Ndipatseni pepalalo ndikajambulitse. Ndibweza."

"Mwaikonda siginecha?"

"Ndaikonda."

Anafika kunyumba masana, suti itanyowa kumsana. Anaika fotokope pa makina a akazi awo n'kukhala pampando osamasula tayi. Mayi Beatrice anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Munasaina osawerenga."

"Ndinasaina mwa udindo."

"Osawerenga."

"Mapepala amakhala ambiri, amake Pearl. Munthu atati awerenge lililonse, sukulu ingaime."

"Yaima laibulale yokha. Ndiye nkhaniyi ikakafika ku ofesi ya maphunziro, wakuba ndi ndani?"

"Makiyi ndi anga. Siginecha ndi yanga. Galimoto ndi ya ba Mwenya, koma galimoto sisaina."

"Ntchito?"

"Ingathe. Penshoni ingathenso. Kutchalitchi ndine mkulu wa mpingo, amene ndimawerenga zolengeza. Zonsezo."

Makoma a mafulati a Kabwata sasunga chinsinsi, ndipo a m'kati mwa nyumba ndiye sayesa n'komwe. Pearl anatuluka kuchipinda kwake. Anatola fotokope, anaiwerenga mpaka pansi, n'kuibwezera pamalo pake. M'mabuku ake anthu oipa ankakhala achilendo, amimba zazikulu, okhala kuseri kwa zipata. Panalibe buku limene woipayo ankasita kolala ya yunifomu ya mwana wake Lamlungu madzulo, chifukwa akuti amake sadziwa kuwongola nsonga.

"Ba Dadi, munadziwa?"

"Ayi."

"Simunalowemo zaka zitatu?"

"Ndinkasuzumira pazenera. Mashelefu akutsogolo ndi odzaza."

Pearl anaima pakati pa balaza. Manja sanawaike kumbuyo.

"Ndipepesa," anatero. "Ndinena kuti ndinanama."

"Mwamva, ba Kamanga?" anatero Mayi Beatrice. "Nkhani yatha. Vulani tayi."

"Ndi nzeru zimenezo," anatero Bambo Kamanga. "Ndi kukula kumeneko." Anayang'ana mwana wawo, akudikira kuti awatsutse. Sanawatsutse.

Sabata yachiwiri inali yamtendere. Pearl anabwezera mabuku m'katoni n'kuikankhira pansi pa bedi. Wailesi inkalankhula yokha popanda woiyankha. Zinyalala ankakataya akuyenda ngati munthu aliyense. Lachiwiri madzulo Bambo Kamanga anapeza kope lachikuto cholimba lija pa makina osokera. Pansi pa mawu akuti Mutu Woyamba panali zolemba za akazi awo: chiuno 38, chifuwa 42, manja aafupi.

"Ili ndi kope la mwana," anatero.

"Wandipatsa yekha. Akuti salifunanso. Mapepala ake ndi abwino."

"Nanga buku lake lija?"

"Buku liti? Si inu munkati akutaya nthawi?"

"Ndinkati akutaya nthawi ya mayeso. Sindinati asiye."

"Ndiye kamuuzeni."

Sanakamuuze. Anaima pakhomo la chipinda cha Pearl, anamuona akuloweza mitsinje ya dziko lina, nakhosomola.

"Mawu opepesa ndilemba ndine," anatero.

"Ndingonena kuti pepani, ndinanama."

"Mwana wa Kamanga sangapepese ndi mizere iwiri ngati waponda munthu m'basi. Chinthu chiyenera kukhala ndi mutu, thunthu ndi mathero."

"Chabwino, ba Dadi."

Mawu akuti chabwino amenewo anawapweteka kuposa mafunso onse aja. Masiku atatu anatsalira kusukulu ana ataweruka, akulemba pa kompyuta ya aphunzitsi ndi zala ziwiri. Lachisanu anagogoda pa ofesi ya Bambo Mwenya.

Bambo Mwenya anali munthu wosalala, wolankhula motsitsa, wokhala ku Woodlands m'nyumba imene aphunzitsi anzawo ankaidutsa pang'onopang'ono. Anawalandira ndi manja awiri.

"Ba Kamanga. Mwana wazizira?"

"Wazizira, ba Hedi. Mawu ake ndi awa."

Bambo Mwenya anayeza mapepalawo m'manja.

"Masamba atatu?"

"Mlandu ndi waukulu."

"Inu ndi Chizungu chanu." Anawerenga mzere woyamba mokweza. "'Ine, Pearl Kamanga, ndikupepesa ndi mtima wanga wonse pa zinthu zotsatirazi.' Zabwino. Ana amasiku ano amawerenga zinthu zambiri, ba Kamanga, mitu imatentha. Mwachita bwino kumugwira. Siginecha yanu ija ndi yokongola. Zingakhale zachisoni anthu a ku ofesi ya maphunziro atayamba kuisirira."

"Zoona, ba Hedi."

"Ine ndipuma chaka chamawa. Mpando uwu ufuna munthu wodziwa kusunga nyumba yake."

"Pali pamene musaine, kumapetoku. Ponena kuti mwana akawerenga zonsezi, nkhani yatha ndipo alemba mayeso ake popanda chovuta. Kuti amake akhazikike mtima."

Bambo Mwenya anatembenuza masamba awiri nthawi imodzi, anapeza mzere wa madontho, nasaina. Foni yawo inali kulira.

"Ndi chidindo, ba Hedi."

Anadinda.

Lolemba m'mawa ana mazana asanu ndi anayi anaima m'mizere pabwalo. Aphunzitsi anakhala pakhonde, pamthunzi. Itatha nyimbo ya fuko ndi pemphero, Bambo Mwenya analankhula mphindi khumi za ulemu, kenako anati pali wophunzira amene ali ndi mawu. Pearl anakwera masitepe. Bambo ake anamupatsa mapepala pamenepo, opinda pakati.

"Uwerenge zonse," anamunong'oneza. "Usadumphe. Pa chizindikiro cha koma upume."

Pearl anaima pa maikolofoni. Anawerenga m'Chizungu, ndi mawu ophwa, osayang'ana munthu.

"Ine, Pearl Kamanga, ndikupepesa ndi mtima wanga wonse pa zinthu zotsatirazi. Choyamba, ndikupepesa chifukwa ndinalemba kuti mabuku a laibulale akugulitsidwa pafupi ndi City Market, koma sindinafotokoze kuti chidindo cha sukulu chili patsamba 51 la buku lililonse, zimene zinachititsa anthu ena kukayika."

M'mizere yakumbuyo munamveka kaphokoso. Bambo Mwenya, amene anali kugwedeza mutu movomereza, anapitiriza kugwedeza kanthawi, kenako anasiya.

"Chachiwiri, ndikupepesa chifukwa ndinafunsa kuti anawatulutsa ndani, pamene yankho lili m'kalata ya pa 14 Malichi chaka chatha, yonena kuti mabukuwo ndi owonongeka. Mabukuwo sanali owonongeka. Kalatayo inasainidwa ndi bambo anga, Bambo G. Kamanga, amene..."

Anaima. Anawerenga mzerewo chamumtima mpaka kumapeto, n'kutembenuka. Bambo ake anali ataima mowongoka, maso pa mtengo wa mbendera. Anangoyendetsa dzanja pang'ono, monga amachitira mwana akachedwa kuyankha m'kalasi.

"Ba Dadi," anatero Pearl, ndipo maikolofoni inafikitsa mawuwo mpaka kuchipata.

"Pitiriza."

"...amene anasaina osawerenga, chinthu chosayenera kwa munthu wa udindo wawo. Chachitatu, ndikupepesa chifukwa sindinatchule galimoto yoyera imene imanyamula mabukuwo Lachisanu, imene nambala yake ndi..."

"Zakwana," anatero Bambo Mwenya, ataimirira. "Zikomo, Pearl. Tamva."

"Ba Hedi," anatero Bambo Kamanga mwaulemu, "mwasaina kuti awerenge zonse. Kwatsala masamba awiri. Makope ena ndapereka ku ofesi ya maphunziro ndi ku komiti ya makolo m'mawa uno, monga mwa dongosolo."

Galimoto yoyerayo inali pamalo pake pansi pa mtengo wa jakaranda, ndipo mitu mazana asanu ndi anayi inatembenuka kukaona nambala, n'kubwereranso kwa Pearl kudikira kuti aone ngati zigwirizane. Pearl anawerenga nambalayo, ndipo zinagwirizana. Bambo Mwenya anakhala pansi. Pearl anawerenga mfundo zonse khumi ndi imodzi, kuphatikizapo ya mashelefu akutsogolo ndi ya makiyi obwereka. Pa koma aliyense ankapuma. Pomaliza anapepesanso ndi mtima wake wonse, anathokoza aphunzitsi onse chifukwa cha kuleza mtima kwawo, n'kutsika. Palibe anaomba m'manja, poti palibe ankadziwa ngati kupepesa amakuombera m'manja.

Madzulo ake ku Kabwata mazenera anali otsegulanso.

"Munandinamiza," anatero Pearl. "Ine ndinavomera kupepesa kuti inu mupulumuke."

"Ndipo wapepesa. Aliyense wamva. Pepala losainidwa ndi lodindidwa lili m'chikwama mwanga. Mayeso ulemba."

"Nanga inu?"

"Ine ndinalemba kale anga."

"Mukanandiuza."

"Ukanakana. Umakana chilichonse."

"Munandiimika pamaso pa sukulu yonse kuti ndinene bambo anga."

"Wawerenga bwino. Mfundo yachisanu ndi chiwiri unathamanga."

Mayi Beatrice anali pampando wawo pafupi ndi makina. Anali kusoka mpendero ndi manja, singano ikulowa ndi kutuluka mofulumira kuposa masiku onse.

"Ndinali ndi munthu mmodzi m'nyumba muno wofuna kufera chilungamo," anatero. "Ndinkati ndamuchiritsa. Sindinadziwe kuti ndi matenda opatsirana. Ba Kamanga, ine munandifunsa?"

"Mukanakana nanunso."

"Ndikanakana. Ndikukanabe. Mundilembe pamenepo, mfundo ya khumi ndi ziwiri." Analuma ulusi. "Pearl, tenga kope lako pa makinapo. Masamba a miyezo usang'ambe, madiresiwo sindinamalize."

Pofika Lachitatu Musonda anali atagulitsa mabuku onse. Ana a sukulu ankapita m'magulu kukatsegula tsamba 51, ndipo ena, poti anali atafika kale pamenepo, ankafuna kudziwa zimene zinachitika pa 52. Lachinayi kunabwera anthu awiri a ku ofesi ya maphunziro. Anasuzumira m'laibulale, anapeza mashelefu akumbuyo ali mbee, anachotsa loko wa Bambo Kamanga n'kuikapo wawo, wamkulu kuposa woyambayo, kuti umboni usasokonezeke. Bambo Mwenya anapita patchuthi chodwala. Bambo Kamanga analandira kalata yowauza kuti akhale kunyumba mpaka kafukufuku atatha. Anaiwerenga kawiri, kutsogolo ndi kuseri, asanasaine kuti ailandira.

Tsiku loyamba mayeso anadzuka nthawi yawo ya masiku onse, anavala suti ndi tayi.

"Mukupita kuti?" anafunsa Mayi Beatrice.

"Kuperekeza mwana."

"Akudziwa njira."

"Pangakhale wina wofuna kuona pepala lija."

M'minibasi anakhala mpando umodzi, kumbuyo. Anatsika ku Chelstone. Pachipata cha sukulu mlonda anatsegulira Pearl, kenako anaima pakati, akukanda m'khosi.

"Ba Depyuti, munikhululukile. Pa mayeso, munthu wamene sali pa nchito saloledwa kungena."

"Ndikudziwa. Lamulolo ndinalemba ndine."

Anatulutsa zolembera ziwiri m'thumba la jekete n'kumupatsira mwana wawo pakati pa zitsulo za chipata.

"Uwerenge funso lonse usanayankhe."

"Ndimatero, ba Dadi."

"Ndikudziwa. Ndikungonena."

Woyang'anira mayeso anapeza dzina la Pearl pamndandanda, analichonga, osafunsa pepala lililonse. Ali pakhomo la holo, Pearl anacheuka. Kunja kwa mpanda kunali makolo ochepa, amayi ogulitsa vitumbuwa ndi madalaivala a matakisi, onse ataunjikana pamthunzi umodzi. Bambo ake anali pakati pawo. Anali atayamba kale kuwaika pamzere, akuloza ndi dzanja kuti ogulitsa apite kumanzere, makolo kumanja, njira ya ana ikhale yotsegula. Chodabwitsa n'chakuti anthuwo ankamvera.

Pearl anagwira m'thumba kufuna polemba, koma m'holo salola kulowa ndi kapepala kalikonse. Anayang'ananso kachiwiri kuti asaiwale mmene dzanjalo linkayendera. Kenako analowa, anapeza desiki yake pamzere wachinayi, nakhala pansi.